Injini Ikatentha Ulendo Umathera Panjira: Kasamalidwe ka Radiyeta ndi Eyakoni pa Galimoto Zakale za M'misewu ya Fumbi

Ntchito zambiri za chitukuko m'mawodi athu zimayenda pa mateyala. Ambulansi ya pachipatala chaching'ono, galimoto yonyamula alangizi a zaulimi, ya amisiri okonza mijigo, ngakhalenso mapikiapu a anthu wamba amene amatengera anthu ndi zokolola kumsika, zonsezi zimadutsa m'misewu ya fumbi, mchenga ndi matope tsiku ndi tsiku. Zambiri mwa galimotozi si zatsopano. Mtundu wa Toyota Land Cruiser 70, umene ambiri timaudziwa ngati ambulansi, udayamba kupangidwa mu 1984, ndipo injini yake yotchuka ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, idatuluka mu 1990. Land Rover Defender yakale ija idasiya kupangidwa mu 2016, koma ikuyendabe m'madera ambiri.

Galimoto zoterezi n'zolimba, ndipo kulimba kwakeko ndi kumene kumapusitsa eni ake. Injini imene imapirira maenje ndi katundu wolemera imatha kuwonongekeratu m'mphindi zochepa ikangotentha mopitirira muyeso. Paipi ya labala ya mtengo wochepa ikaphulika, mutu wa injini umapindika kapena kung'aluka, ndipo galimoto imakhala pamiyala miyezi ingapo kudikira ndalama. Ikakhala ambulansi, m'miyezi imeneyo mayi woyembekezera amapita kuchipatala chachikulu pa njinga kapena pa ngolo. N'chifukwa chake nkhani ya madzi a mu injini ndi ya wodi yonse, kuyambira dalaivala ndi makaniko mpaka komiti ya chitukuko imene imakambirana za kagwiritsidwe ntchito ka katundu wa anthu.

Kutentha kumachokera kuti

Injini ya dizilo ndi ng'anjo imene moto wake umayaka ndi kuzima kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mwa mphamvu zonse za m'mafuta, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limayendetsa galimoto. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi. Gawo lotsalalo limalowa m'zitsulo za injini ngati kutentha, ndipo liyenera kuchotsedwa msanga zitsulozo zisanafufume ndi kugwirana.

Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi madzi, pafupifupi malita 10 pa galimoto zikuluzikuluzi. Madziwo amazungulira m'ngalande za m'kati mwa injini, amatenga kutentha, amapita nako ku radiyeta kumene mphepo imakuchotsa, kenaka amabwerera atazizirako. Cholinga chake n'chakuti injini ikhale pakati pa madigiri 80 ndi 95. Ikazizira kwambiri imamwa mafuta ambiri ndipo imaperepeseka msanga. Ikatentha kwambiri madzi amawira, ndipo nthunzi siyitha kuziziritsa chitsulo monga achitira madzi.

Madzi amawira pa madigiri 100 pamalo otsika kwambiri, koma munthu akamakwera mtunda amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse. Ku Lilongwe amawira pafupifupi pa madigiri 97, ndipo kumapiri a ku Dedza pafupifupi pa 95. Kuchigwa cha mtsinje wa Shire vuto ndi lina: m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, kotero mphepo imene iyenera kuziziritsa radiyeta imafika ili yotentha kale. Kumtunda ndi kuchigwa komwe, mpata wa pakati pa kutentha koyenera ndi kuwira ndi wochepa.

Ziwalo zake ndi mmene zimafookera

Radiyeta ndi timapaipi tambirimbiri topyapyala tolumikizidwa ndi timalata tosanjikizana. Madzi amadutsa m'timapaipimo, mphepo imadutsa pakati pa timalatato. Imafooka m'njira ziwiri: kunja ikatsekeka ndi matope ndi udzu, kapena m'kati ikatsekeka ndi dzimbiri. Timalata tikayamba kuyoyoka pokhudzidwa ndi chala, radiyetayo yatha ntchito ngakhale ikhale kuti sikudontha.

Chotsekera cha radiyeta ambiri amachiyesa chivundikiro wamba. M'kati mwake muli sipuling'i ndi labala zimene zimasunga mphamvu ya mpweya, kawirikawiri ya pakati pa 0.9 ndi 1.1 bar, ndipo nambalayi imalembedwa pamwamba pake. Mphamvu imeneyi imakweza malire a kuwira ndi madigiri pafupifupi 20. Labala wake akauma kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira msanga ndi kutayikira m'kabotolo ka pambali. Chotsekera n'chotchipa kuposa ziwalo zonse, koma chitafooka chimatha kupha injini yonse. Pogula china, nambala yake ifanane ndi ya chakale.

Themositati ndi chitseko chimene chimatseka njira ya ku radiyeta injini ikakhala yozizira, n'kutsegula madzi akafika pakati pa madigiri 76 ndi 88, malinga ndi mtundu wa injini. Ikakalamba imatha kukanirira ili yotseka, ndipo galimoto imatentha itangoyenda makilomita ochepa. Kuiyesa n'kosavuta: makaniko amaiika m'poto wa madzi pamoto n'kuona ngati ikutseguka madziwo asanawire.

Pampu ya madzi ndiyo imakankha madzi kuti azungulire. Pansi pake pali kabowo kamene kamayamba kudontha kapena kusiya mkwasa wa dzimbiri chidindo chake cha m'kati chikatha. Phokoso lokukuta komanso kugwedera kwa gudumu lake ndi zizindikiro zina zakuti masiku ake atha.

Fani imakoka mphepo kudutsa mu radiyeta, makamaka galimoto ikamayenda pang'onopang'ono. Pa galimoto zambiri zamtunduwu, pakati pa fani pali chipangizo chokhala ndi mafuta olimba a silikoni chimene chimagwira mwamphamvu kukatentha ndi kumasuka kukazizira. Mafutawo akatha, fani imazungulirabe ndipo munthu poyang'ana amaona ngati zonse zili bwino, pamene mphepo yake ndi yochepa. Injini yotentha ikazimitsidwa, fani imene ikungozungulira mopepuka poikankha ndi dzanja ndi yokayikitsa. Chibalo cha pulasitiki chozungulira fani nachonso chisachotsedwe, pakuti ndicho chimakakamiza mphepo kudutsa mu radiyeta m'malo molowera m'mbali.

Lamba amene amazungulitsa pampu ndi fani asakhale wong'aluka, wonyezimira kapena wolendewera. Pomudina ndi chala chachikulu pakati pa magudumu ake, alowe pafupifupi sentimita imodzi. Pamene pali malamba awiri oyendera limodzi, asinthidwe onse nthawi imodzi. Mapaipi a labala afinyidwe injini ili yozizira: yofewa ngati phwetekere wakupsa, youma gwa, kapena yotupa pafupi ndi chomangira, isinthidwe isanaphulike. Timapaipi ting'onoting'ono ta hita, tobisika kumbuyo kwa injini, ndito timaiwalika kawirikawiri.

Madzi a pamjigo ndi mdani wachinsinsi

Chizolowezi chofala ndi kuthira mu radiyeta madzi alionse opezeka pafupi: a pamjigo, a pachitsime, ngakhale a mumtsinje. Mayi aliyense amene amawiritsa madzi a pamjigo amadziwa zoyera zija zimene zimakakamira pansi pa ketulo. Zomwezo zimakakamira m'ngalande za injini ndi m'timapaipi ta radiyeta, n'kukhala ngati bulangete lotchinga kutentha kuti kusatuluke. M'madera amene mijigo yake imatulutsa madzi amchere, monga mbali zina za Chikwawa ndi Nsanje, dzimbiri limadya zitsulo mofulumira kwambiri. Madzi a mumtsinje amawonjezapo mchenga umene umakukuta pampu.

Mankhwala a mu radiyeta, amene amakaniko amawatcha kulanti, ena amawanyoza ponena kuti adapangidwira mayiko a chipale chofewa. N'zoona kuti amaletsa madzi kuundana, koma kwathu kuno ntchito yake yaikulu ndi ina. Amaletsa dzimbiri, amateteza chidindo cha pampu, ndiponso amakweza malire a kuwira. Kulanti wosasungunula amasakanizidwa ndi madzi, kawirikawiri theka ndi theka. Wina amagulitsidwa atasakaniza kale, ndipo ameneyo sawonjezeredwa madzi. Malangizo amalembedwa pabotolo, ndipo safunsa adadya phula.

Madzi oyenera kusakanizira ndi otcheza aja amene amathiridwanso mu batire. Akasowa, madzi a mvula osefedwa bwino pansalu yoyera ndi abwino kuposa a pamjigo. Mphamvu yoletsa dzimbiri imatha pakapita nthawi, motero kulanti wa mtundu wakale asinthidwe pakatha zaka 2 kapena makilomita 40,000. Mitundu ina yatsopano imakhalitsa kuposa pamenepa. Mitundu yosiyana isasakanizidwe mwachisawawa, chifukwa ina ikakumana imapanga phala lotseka radiyeta. Posintha, makaniko atsuke injini ndi radiyeta mpaka madzi otuluka ayere, kenaka atulutse mpweya wonse wotsalira m'ngalande, pakuti mpweya wobisala umatenthetsa mbali imodzi ya mutu wa injini.

Mabanja adziwe chinthu chimodzi chofunika: kulanti ndi poizoni. Ali ndi mtundu wokongola ngati zakumwa za ana ndipo amatsekemera, koma akamwedwa amawononga impso ndipo amapha. Asasungidwe m'botolo la zakumwa, asatayidwe pabwalo pamene agalu ndi nkhuku zimamwa, ndiponso asatayidwe pafupi ndi chitsime. Mwana akamwa, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka wabwinobwino.

Matope, udzu, mitsinje ndi zikweza

Galimoto ya m'tauni imaziziritsidwa ndi mphepo ya liwiro lake. Ya m'misewu ya kumudzi imagwira ntchito yolemetsa pa liwiro lochepa, m'giya yotsika, mumchenga kapena pachikweza. Pamenepo injini imapanga kutentha kwambiri pamene mphepo ndi yochepa. Madalaivala amene adakwerapo mapiri a pakati pa Chikwawa ndi Blantyre, a ku Chiweta, kapena msewu wokhotakhota wochokera ku Golomoti kukwera ku Dedza, amadziwa kuti m'malo otere ndi mmene radiyeta yofooka imaonekera. Pachikweza ndi bwino kutsitsa giya msanga kuti injini izungulire momasuka, popeza pampu ndi fani zimathamanga mofanana ndi injini. Kukakamira giya yapamwamba kumawonjeza moto ndi kuchepetsa mphepo.

M'dzinja matope amalowa pakati pa timalata ta radiyeta, ndipo akauma amakhala ngati khoma la njerwa. Mvula ikatha, njere za udzu ndi timitu ta tsekera zimachita chimodzimodzi. Pa galimoto yokhala ndi eyakoni, kutsogolo kwa radiyeta kuli chipangizo china chofanana nayo, ndipo zinyalala zimaunjikana pakati pa ziwirizi pamene diso silifika. Potsuka, madzi athiridwe kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, kuti zinyalala zitulukire kumene zidalowera. Madziwo asakhale amphamvu kwambiri, ndipo waya kapena kamtengo zisagwiritsidwe ntchito, chifukwa timalata timapindika msanga.

Powoloka mtsinje, fani ikamira m'madzi mapiko ake amapindikira kutsogolo ndipo amatha kuboola radiyeta. Dalaivala wanzeru amayamba waima, injini ipoleko, ayeze kuya kwa madzi, kenaka n'kuwoloka pang'onopang'ono mosalekeza. Zounikira zikuluzikulu, zikwangwani ndi katundu womangirira kutsogolo kwa galimoto zimatchinganso mphepo. Katundu wopitirira muyeso, mabuleki ogwira okha, oilo wochepa ndi sefa ya mpweya yodzaza fumbi, zonsezi zimatenthetsa injini ngakhale radiyeta ili yabwino.

Zizolowezi ziwiri zimene zimaoneka ngati nzeru

Choyamba ndi kuchotsa themositati. Amakaniko ena amati dziko lathu n'lotentha, choncho chitseko chimenechi n'chosafunika. Galimoto ikasiya kutentha itachotsedwa themositati, nthawi zambiri vuto lenileni, monga radiyeta yotsekeka kapena fani yofooka, limangobisika, ndipo lidzaonekera pachikweza. Komanso pa injini zambiri themositati ikatseguka imatsekanso njira yachidule imene madzi amazungulira m'kati mwa injini osafika ku radiyeta. Ikachotsedwa njirayo imakhala yotseguka nthawi zonse, ndipo madzi ena otentha amangobwerera mu injini osaziziritsidwa. M'mawa wa mu Juni ndi Julaye injini yopanda themositati imachedwa kufunda, imafuka utsi ndi kumwa dizilo wambiri. Themositati yowonongeka isinthidwe ndi ina ya nambala yomweyo.

Chachiwiri ndi kuthira ufa, dzira, fodya kapena zina zotere mu radiyeta yodontha. Zimatha kutseka kabowo kwa maola ochepa, koma zimatsekanso timapaipi tabwinobwino, ndipo dzenje laling'ono limene likadawotcheredwa ndi ndalama zochepa limabala radiyeta yatsopano. Galimoto ikadontha kutali ndi galaja, ndi bwino kumanga paipiyo ndi labala wa chubu ndi waya, kumawonjezera madzi pafupipafupi, ndi kuyenda pang'onopang'ono mpaka kwa makaniko. Madzi alionse oyera ndi ololedwa pangozi yotere, bola akatsukidwemo ndi kuthiramo kulanti ulendo ukatha.

Muvi ukakwera, chitani izi

Geji ya kutentha iyenera kuyang'anidwa kawirikawiri monga galasi loonera kumbuyo. Muvi ukayamba kupitirira pamene umakhala masiku onse, dalaivala azimitse eyakoni ndi kuyatsa hita mwamphamvu mawindo ali otsegula. Hita ndi karadiyeta kakang'ono, ndipo imathandiza kuchotsa kutentha. Ikatulutsa mphepo yozizira pamene injini ili yotentha, ndiye kuti madzi atha, ndipo injini izimitsidwe pomwepo.

Aime pamalo abwino. Ngati palibe nthunzi kapena kudontha, ndipo lamba ali m'malo mwake, injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti madzi apitirize kuzungulira. Ngati pali nthunzi, madzi akutayika kapena lamba waduka, izimitsidwe. Muvi wotsika mwadzidzidzi pambuyo pokwera usasangalatse munthu, chifukwa kachipangizo koyeza kakakhala kopanda madzi kamatha kunama.

Chotsekera cha radiyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha. Madzi a m'katimo amakhala atapitirira madigiri 100, ndipo chikangomasulidwa amasanduka nthunzi n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Adikire mphindi zosachepera 30, mpaka paipi yapamwamba itafewa ndi kugwirika ndi dzanja, kenaka atsegule pang'onopang'ono ndi nsalu yochindikala, nkhope ili kumbali. Madzi ozizira asakhuthulidwe pamwamba pa injini yotentha, ndipo othira mu radiyeta alowe pang'onopang'ono, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka. Apaulendo asakakamize dalaivala kuti apitirize kuyenda. Kudikira ola limodzi panjira n'kwabwino kuposa kutaya galimoto kwa miyezi.

Pambuyo pake makaniko afufuze ngati gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wosatha ku ekizozi, oilo wooneka ngati tiyi wamkaka, thovu lotuluka mosalekeza pakamwa pa radiyeta, ndi madzi otha popanda kudontha koonekera. Injini za mutu wa aluminiyamu, monga za Tdi za Land Rover ndi 1KZ ya Toyota, zimapindika msanga. Za mutu wachitsulo monga 1HZ zimapirirako, koma nazonso zimang'aluka zikazunzidwa.

Eyakoni ndi ntchito yake

Ena amaona eyakoni ngati chinthu cha mabwana. Mu ambulansi ili ndi ntchito yeniyeni. Imalola kuti mawindo atsekedwe kuti fumbi lisafike kwa wodwala chifuwa kapena wa bala, imachepetsa kutentha kwa wodwala ndi namwino pa ulendo wautali, ndipo m'dzinja imaumitsa mpweya kuti galasi lakutsogolo lisachite nkhungu. Koma siilowa m'malo mwa bokosi la katemera, amene ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 m'bokosi lake lomwelo.

Eyakoni imagwira ntchito monga firiji. Kompresa, yozungulitsidwa ndi lamba, imapanikiza gasi mpaka atatentha. Gasiyo amapita ku kondensa, chipangizo cha kutsogolo kwa radiyeta chija, kumene amazizira n'kusanduka madzimadzi. Amadutsa m'kabotolo kochotsa chinyezi, kenaka pakabowo kakang'ono kwambiri, n'kulowa m'chipangizo cha kuseri kwa dashibodi kumene amasandukanso mpweya. Posandukapo amayamwa kutentha kwa m'galimoto, monga thukuta limaziziritsira thupi likamauma.

Apa mpamene eyakoni imakhudzirana ndi radiyeta. Kutentha konse kochotsedwa m'galimoto kumatayidwa kutsogolo kwa radiyeta, ndipo kompresa imalemetsanso injini. Galimoto imene imatentha pokhapokha eyakoni ikayatsidwa ikuulula kuti radiyeta kapena fani yake yafooka. Kungosiya kuyatsa eyakoni ndi kubisa matenda.

Gasi satha ngati dizilo. Akachepa ndiye kuti pali podontha, ndipo pamalopo pamaoneka mafuta ogwira fumbi, kawirikawiri polumikizira mapaipi kapena pakamwa pa kompresa. Kumangowonjezera gasi chaka ndi chaka ndi kutunga madzi ndi dengu. Mmisiri wodziwa amayamba wapeza podonthapo, amakonza, amasintha kabotolo kochotsa chinyezi ngati mapaipi adakhala otsegula, amapopa mpweya wonse ndi makina, kenaka amathira gasi pomuyeza pasikelo molingana ndi muyeso wolembedwa pakachikwangwani ka pansi pa boneti. Gasi wopitirira muyeso amachepetsa kuzizira ndipo amawononga kompresa.

Mtundu wa gasi ndi wofunikanso. Galimoto zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 1994 zidatuluka ndi gasi wa R12, amene adapezeka kuti amawononga chophimba cha ozoni chimene chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la ku Montreal la mu 1987, limene Malawi ali nawo, lidalamula kuti gasi wotere athetsedwe, ndipo mayiko ongokwera kumene adapatsidwa mpaka 2010. M'malo mwake mudalowa R134a. Mitundu iwiriyi imayendera mafuta osiyana ndipo siisakanizidwa, kotero galimoto yakale imafunika kusinthidwa mafuta, timalabala ndi kabotolo kaja isanalandire gasi watsopano. R134a nayenso amawonjezera kutentha kwa dziko kuposa mpweya wa kaboni nthawi zoposa 1,000, choncho asamangotulutsidwa mumlengalenga. Gasi wophikira asathiridwe mu eyakoni chifukwa amayaka. Munthu wosaphunzira asamasule mapaipi ake, pakuti gasi wothovoka amaumitsa khungu ndi kuwononga maso, ndipo akakumana ndi moto wa wowotcherera amatulutsa utsi wapoizoni.

Zimene dalaivala angachite yekha ndi izi: kuyatsa eyakoni kwa mphindi 10 sabata iliyonse ngakhale m'nyengo yozizira, kuti mafuta azungulire ndipo timalabala tisaume, kutsuka kondensa pamodzi ndi radiyeta, kuyang'ana lamba wa kompresa, ndi kuonetsetsa kuti kapaipi kotayira madzi pansi pa galimoto sikadatsekeke. Madzi oyera odontha pansi eyakoni ikamagwira ntchito si vuto. Akamadonthera pamapazi m'kati, kapaipiko katsekeka. Galimoto zambiri zakale zilibe sefa ya mpweya wolowa m'kati, motero mphepo ikachepa kapena ikayamba kununkha chinyezi, chipangizo cha kuseri kwa dashibodi chimafunika kutsukidwa.

Ndondomeko yosavuta kukumbukira

M'mawa uliwonse, injini isanalizidwe, dalaivala aone mlingo wa madzi mu radiyeta ndi m'kabotolo ka pambali, aone oilo, ndipo asuzumire pansi ngati pali chonyowa. Sabata iliyonse afinye mapaipi, adine malamba, ayang'ane timalata ta radiyeta moyang'anizana ndi kuwala, ndi kuyatsa eyakoni. Ulendo uliwonse wa m'matope kapena m'udzu ukatha, atsuke radiyeta matope asanaume. Chaka chilichonse, mu Ogasiti kapena Seputembala kutentha kusanafike, makaniko ayese chotsekera, themositati, fani ndi pampu. Pakatha zaka 2, kulanti asinthidwe. M'galimoto musasowe chigubu cha malita 5 a madzi oyera, lamba wapadera, zomangira mapaipi, waya, nsalu yochindikala ndi tochi.

Zonsezi zilembedwe m'buku la galimoto, tsiku lake ndi makilomita ake. Galimoto imene yayamba kufuna madzi owonjezera sabata iliyonse ikuchenjeza, ndipo buku ndilo limaonetsa chenjezolo ngakhale madalaivala asinthane.

Udindo wa anthu a m'wodi

Kuyambira pamene lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidakhazikitsidwa mu 1998, nzika zili ndi njira yolankhulira za katundu wa boma kudzera m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, makomiti a pachipatala, mafumu ndi makhansala. Njira imeneyi igwiritsidwe ntchito galimoto isanafe. Pamsonkhano wa komiti n'koyenera kufunsa mwaulemu kuti ambulansi idapita liti ku sevisi, ngati buku lake likulembedwa, ndiponso ngati pa ndondomeko ya chuma pali gawo la kukonza galimoto kuwonjezera pa la mafuta. Dalaivala amene wanena kuti paipi yatupa amvedwe msanga, chifukwa mtengo wa paipi, chotsekera ndi kulanti pamodzi ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wokonzetsa injini.

Anthu angathandizenso ndi manja awo. Kutchetcha udzu m'mbali mwa misewu ya m'midzi kumachepetsa njere zotseka radiyeta. Kukwirira zithaphwi ndi kukonza ngalande ndi malo owolokera kumachepetsa matope. Kupewa kupempha kuti ambulansi inyamule matumba a chimanga kapena anthu opitirira muyeso kumaipatsa zaka zina zogwira ntchito. Eni mapikiapu ndi malole a m'wodi atsatire malangizo omwewa, popeza galimoto zawo ndizo zimanyamula odwala ambulansi ikakhala kwina. Achinyamata amene ali ndi chidwi ndi umakaniko kapena ntchito za mafiriji afunse za maphunziro a luso la manja ovomerezeka ndi bungwe la TEVETA, kuti wodi iliyonse ikhale ndi mmisiri wodziwa kuyesa themositati m'malo moitaya.

Mutu umodzi susenza denga. Kutentha kusanafike pachimake, komiti iliyonse imene m'dera lake muli galimoto ya boma iike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana, ndipo zimene yapeza ikapereke kwa khansala wa wodi yake.